Khoma la khitchini likunyowa kuchokera pansi? Makabati atsopanowo adikire kaye

Tsiku lomwe tinachotsa makabati akale ndi lomwe ndinavomereza kuti nkhaniyi si ya penti. Khitchini yathu ili mu chipinda chomwe tinachita kuwonjezera kuseri kwa nyumba, ndipo kwa zaka zitatu ndinkangopenta khoma lomwelomwelo, penti ikatupa ndipale ndipentenso, mumtima ndikumati mwina andigulitsa penti yachinyengo. Titakoka kabati ya pansi pa sinki thabwa lakumbuyo linangotsalira m'manja, lofewa ngati katoni yonyowa, pulasitala wa m'munsi akungoyoyoka ukamukhudza ndi chala, ndipo pakhomapo panali kamzere kachikasu kokhotakhota cha m'mabondo umu, m'munsi mwake mwayera ngati wina wawazapo mchere. Fungo lake mukulidziwa, lija la chipinda chomwe chakhala chotseka miyezi.

Mmisiri amene ankatikonzera khitchini anangoyang'ana n'kunena kuti "bwana apa timate matailosi mpaka m'chiuno, madzi sadutsa pa tailosi." Zoona sadutsa. Nanga akalephera kudutsa amapita kuti? Bamboyo sanayankhe, inenso nthawi imeneyo sindinkadziwa.

Zimene zimachitika ndi izi. Njerwa ndi matope omangira aja zili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndiye khoma likakhala pa dothi lonyowa limayamwa madzi n'kukwera nawo, chimodzimodzi mmene chingwe cha nyali chimakokera parafini. Madziwo amakwera mpaka pomwe amene akuuma ndi mpweya akufanana ndi amene akulowa pansi, n'chifukwa chake chinyontho chotere nthawi zambiri chimathera cha pa mita imodzi ndipo sichikonda kupitirira mita ndi theka. Tsono inu mukamata matailosi kapena kupaka penti ya mafuta mwangotseka pomwe khoma limapumira, madzi pansi paja sanasiye kulowa, angokwera kukatulukira pamwamba pa matailosiwo kapena kuseri kwa khoma m'chipinda chinacho, ndipo tsiku lina mudzagogoda tailosi n'kumva ikulira ngati mulibe kanthu mkati, yamatuka kalekale.

Komanso madzi a m'nthaka sabwera okha, amanyamula michere, ma nitrate ndi ma chloride, madzi akauma michereyo imatsalira mu pulasitala. Kuipa kwake michere imeneyi imakoka chinyezi cha mumpweya, ndiye olo mutatseka madzi a pansi lero lomwe, pulasitala wakaleyo azidzanyowabe nthawi iliyonse kunja kukachita chinyezi. Mfundo imeneyi isungeni, tiifunanso kutsogoloku.

Tsimikizani kaye kuti ndi madzi a pansi

Musathamangire kubowola khoma. Mu khitchini muli zinthu zingapo zomwe zimanyowetsa khoma m'munsi n'kumaoneka ngati ndi nthaka, ndipo mukalakwitsa apa ndiye kuti zonse zotsatira ndi kungotaya nthawi.

Woyamba kumukayikira ndi paipi. Tsekani mipope yonse, musagwiritse ntchito toileti, lembani manambala a pa mita ya madzi, dikirani maola awiri kapena atatu muwerengenso. Ngati yayenda pomwe palibe watsegula madzi, pali paipi ikudontha penapake, mwina pansi pa silabu kapena mkati mwa khoma. Koma mita siuza za paipi yotulutsa madzi akuda a mu sinki, iyoyo muiyese payokha, dzadzani sinki, kulungani tishu youma pa majoini onse a pansi, kenako tsegulani madzi onse atuluke kamodzi, tishu sinama. Chinyontho cha paipi chimakonda kukhala malo amodzi, chozungulira, ndipo sichisamala kuti kunja kuli mvula kapena dzuwa.

Wachiwiri ndi nthunzi. Khitchini ndi malo owiritsa madzi tsiku ndi tsiku, nthunziyo ikagunda khoma lozizira imasanduka madzi, makamaka m'makona ndi kuseri kwa makabati komwe mpweya suyenda. Chizindikiro chake timadontho takuda ta nkhungu, mawindo olira misozi m'mawa, koma mchere woyera uja palibe. Kuyesa kwake n'kosavuta, tengani ka foil ka aluminium, pukutani khoma, matani ndi tepi mbali zonse zinayi mpweya usalowe, siyani masiku awiri. Mukapeza madzi pamwamba pa foil ndi nthunzi ya m'nyumba momwemo, mukapeza kwanyowa kuseri kwake madziwo akuchokera m'khoma. Nthawi zina mupeza mbali zonse ziwiri, musadabwe, khoma lonyowa limazizira ndiye limaitananso nthunzi.

Wachitatu ndi mvula, ndipo pa nyumba yowonjezera uyu amabisala bwino. Pomwe denga latsopano lagunda khoma lakale pamayenera kukhala flashing, ija ya lata yotseka mpata wa pakati pa denga ndi khoma, yolowa ndithu mu mzere wa njerwa, osati kungopakapo simenti pamwamba, chifukwa simentiyo imang'aluka denga likamafutukuka ndi kutentha. Madzi amatha kulowa pamenepo, kutsika mkati mwa khoma mwakachetechete n'kukaonekera pansi. Ngati khoma lakale ndi lija la njerwa ziwiri zokhala ndi mpata pakati, madzi olowa kunja pamwamba pa denga latsopano amatsikira mumpatamo mpaka kufika pomwe pano ndi m'khitchini, pokhapokha ngati anaika cavity tray, pepala losalowa madzi logonekedwa mumpatamo lowabwezera kunja. Chinyontho cha mvula chimakula patangopita maola mvula itagwa kenako n'kumazimirira, ndipo kawirikawiri mupezanso banga lina cha m'mwamba.

Ndipo ngati chipinda chowonjezeracho chamangidwa chaka chomwechino, mwina palibe chalakwika, ndi madzi omangira sanathe kuuma. Screed, ija ya simenti ndi mchenga yosalazira pamwamba pa silabu, imauma pafupifupi milimita imodzi pa tsiku pa masentimita anayi kapena asanu oyambirira, kupitirira apo imachedwa kwambiri, silabu yochindikala imatenga miyezi. Matani pepala la pulasitiki la masentimita 45 mbali zonse pa floor, tepi mozungulira, siyani usiku wonse ndi tsiku, mukapeza pansi pake pada kapena pachita thukuta ndiye kuti floor ikutulutsabe madzi. Mubwerezenso pakatha milungu ingapo, ngati zikuchepa ndi madzi omangira, ngati sizikusintha yambani kukayikira kuti pansi pa silabu mulibe pepala kapena linabooka.

Kamakina kaja koyezera chinyezi, ka mano awiri, kamene ena amabaya pakhoma kakayatsa zofiira n'kunena kuti bwana khoma lonse lavunda, musakakhulupirire kwambiri. Kanapangidwira matabwa, kamayeza mmene magetsi akudutsira, ndipo mchere umadutsitsa magetsi ngakhale khoma litauma. Kamathandiza kuonetsa kuti apa ndi apa pakusiyana, basi. Muyeso weniweni ndi wobowola, kutenga fumbi la mkati mwa khoma pa misinkhu yosiyanasiyana n'kuliyeza chinyezi ndi chipangizo chogwiritsa ntchito mankhwala a calcium carbide kapena kuliumitsa n'kuona kulemera komwe lataya. Madzi a pansi enieni amachuluka m'munsi n'kumachepa mukamakwera, mchere ndiye umachuluka cha pa kamzere kaja.

Pomwe nyumba yakale yakumana ndi yatsopano

Apa ndi pomwe ndikhalitsepo chifukwa vuto langa linali pomwepa, ndipo ndikaona nyumba zowonjezera zomwe zikunyowa, maso anga amathamangira pomwepa.

Khoma lomangidwa bwino limakhala ndi DPC, kapepala kakuda kosalowa madzi kogonekedwa mu mzere wa njerwa cha pansi, pa nyumba zakalekale kamakhala ka phula kapena timiyala ta slate. Ntchito yake ndi kudula chingwe cha nyali chija. Iyenera kukhala masentimita osachepera 15 pamwamba pa dothi la panja, ndiye kuti pafupifupi mizere iwiri ya njerwa, cholinga madzi a mvula akamenya pansi n'kuthovukira pakhoma asafike pamwamba pake. Pansi pa silabu pamakhalanso pepala lalikulu la pulasitiki, DPM, ndipo awiriwa ayenera kugwirana, pepala la pansi lipindikire m'mwamba m'mbali mwa silabu likakumane ndi DPC ya m'khoma. Akapanda kugwirana pamatsala kampata kozungulira chipinda chonse, ndipo madzi amadziwa kufunafuna.

Tulukani panja, gwadani, yang'anani mzere wa matope womwe ukuoneka wochindikala pang'ono kuposa inzake kapena pomwe pakusuzumira kapepala kakuda. Ngati khoma ndi lapulasitala gobani pang'ono pakona ndi nyundo muione. Nthawi zambiri DPC imakhala ilipo ndipo ili bwinobwino, kungoti madzi apatsidwa mlatho wodutsira pamwamba pake. DPC ya pulasitiki siwonongeka wamba.

Kwathu milatho inalipo itatu, ndinachita kugwira pakamwa. Woyamba, pomaliza kumanga anathira kakhonde ka konkire kozungulira chipinda chatsopanocho, kooneka bwino ndithu, koma kanakwera mpaka kuphimba DPC, ndiye kanapendekeranso kukhoma m'malo mopendekera kunja, mvula ikagwa madzi amaima pakona kudikira kulowa. Wachiwiri, khoma lomwe kale linali lakunja kwa nyumba yakale pano ndi lamkati mwa khitchini, ndipo omanga anathira dothi lodzazira ndi silabu yatsopano kugunditsa pakhoma limenelo pamwamba pa DPC yake yakale, popanda pepala loimirira pakati. Ndiye kuti DPC yakale inakwiririka pansi, dothi lonyowa likukhudza njerwa za pamwamba pake. Wachitatu ndi pulasitala, anamutsitsa mpaka kukagunda floor mkati, panjanso mpaka kukagunda dothi, ndiye madzi akalephera kudutsa mu njerwa amangokwera kudzera mu pulasitala n'kubwereranso mu njerwa pamwamba pa DPC.

Pali zinanso zoti muone pa joini imeneyi. DPC ya khoma latsopano ndi ya khoma lakale kawirikawiri sizikhala pa levulo imodzi, ina pamwamba ina pansi, ndiye pomwe makomawa agundana pamayenera kukhala DPC yoimirira yolumikiza ziwirizo, apo ayi khoma lina limamwetsa linzake chammbali. Mukaona kuti banga ndi lalikulu pakona pomwe yakale yakumana ndi yatsopano n'kumachepa mukamatalikira, mwapeza. Funsaninso kuti kuseri kwa nyumba yakaleyo kunali chiyani chisanamangidwe chipindachi, ngalande ya madzi a ku bafa, paipi yotsitsa madzi a padenga, mpopi wapanja, chifukwa ena amangothira konkire pamwamba osatseka kapena kusuntha bwinobwino. Pa khoma la mpata pakati, matope ogwera mumpatamo pomanga amatha kuunjikana mpaka kupitirira DPC, kuchotsa njerwa imodzi kapena ziwiri panja n'kusuzumira ndi tochi kumakuuzani. Ndipo ngati nyumba yakale ili ndi floor ya matabwa yokhala ndi mphako pansi, onani ngati chipinda chatsopano sichinatseke timabowo tolowetsa mpweya tija, tikatsekeka matabwa amayamba kuvunda.

Yambirani panja

Anthu amafuna kuyamba ndi mankhwala chifukwa amamveka ngati ntchito ya akatswiri. Ine ndimati yambani ndi khasu ndi fosholo. Tsitsani dothi, maluwa, kakhonde, chilichonse chokhudza khoma, chitsike masentimita 15 pansi pa DPC. Ngati kuphwanya khonde lonse n'kovuta, dulani ndi grinder kamzere ka masentimita 15 kapena 20 m'mbali mwa khoma, kumbani kutsika, dzazani timiyala totsukidwa koma tisafike pa DPC. Dothi lipendekere kunja, masentimita asanu pa mita iliyonse pa mamita awiri kapena atatu oyandikira nyumba, konkire ndi ma paving masentimita awiri pa mita akwana.

Kenako yang'anani kumwamba. Mvula ya milimita imodzi pa square mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi, ndiye kadenga ka ma square mita 20 pa mvula ya mamilimita 25 kakutsitsa malita 500, ndipo ngati palibe gutter kapena paipi yake imathera pa phazi la khoma, malita onsewo mukumwetsa maziko anu. Nthawi zina denga la nyumba yakale limakhuthuliranso pa denga latsopano, ndiye kawerengereni nokha. Madzi amenewa atengedwe ndi paipi kapena ngalande apite kutali.

Malo akakhala achidikha kapena nyumba ili m'munsi mwa chitunda, ngalande yokwiririka ija amati French drain imathandiza, paipi yobowolabowola yogona m'timiyala, yokulungidwa ndi nsalu ya geotextile kuti dothi lisaitseke. Koma zinthu ziwiri, ikhale ndi kotulukira chifukwa yopanda kotulukira ndi dziwe lomwe mwakumbira nyumba yanu, ndipo musakumbe moyandikira kwambiri kutsika kupitirira pomwe maziko athera, mungafooketse khoma pofuna kuliumitsa.

Pulasitala wa panja mumudule pa mzere wa DPC, pakhale kamlomo koti madzi azidonthera pansi osatsetsereka kulowa. Mkatinso chimodzimodzi, pulasitala asagunde floor, asiye mpata wa masentimita awiri mpaka asanu kapena athere pamwamba pa DPC, skirting ndi imene idzabise mpatawo.

Joini ya silabu ndi khoma lakale ija ndiye inali ntchito yotopetsa. Tinagoba floor m'mbali mwa khomalo kangalande kopapatiza kutsika mpaka titaona DPC yakale ndi m'mphepete mwa pepala la pansi pa silabu, kutsuka bwino, kupaka mankhwala osalowa madzi pakhoma kuyambira pa DPC yakale kukwera kupitirira floor, kulumikiza ndi pepala, n'kutsekanso. Musanagobe kapena kubowola chilichonse mu khitchini dziwani kaye komwe kwadutsa mapaipi ndi mawaya, zimitsani magetsi pa main, ndipo soketi iliyonse yomwe ili pa khoma lonyowa aione wa magetsi, mabokosi ake achitsulo amachita dzimbiri mkati inu osadziwa.

Ngati mungathe, mukamaliza zimenezi imani kaye milungu ingapo muone. Makoma ena amayamba kuuma pomwepa osafunanso china.

DPC ikakhala kuti kulibiretu

Zimachitika, omanga ena amaiwala, ena amati n'zosafunika. Njira zilipo ziwiri. Yodalirika kwambiri ndi kuika DPC yeniyeni, kudula mzere wa matope kudutsa khoma lonse, kulowetsa pepala, kutsekanso ndi matope olimba. Koma izi sizodula khoma lonse kamodzi ayi, amadula chigawo chosapitirira mita imodzi, kudumpha, kudula china, kudikira zoyambazo zigwire kenako kubwerera pa zotsalazo, mapepala akusanjikizana masentimita 10 mpaka 15 pomwe akumana. Khoma likunyamula denga limeneli, ndiye si ntchito yophunzirirapo.

Njira inayo ndi ya mankhwala okhala ngati kirimu, a silane kapena siloxane. Mumabowola mabowo a mamilimita 12 m'lifupi mu mzere umodzi wa matope, osati mu njerwa, motalikirana masentimita 12, pa khoma la masentimita 22 kapena 23 bowo limalowa masentimita 19 kapena 20 osatulukira mbali inayo, kupemerera fumbi lonse lituluke, kenako kufinyira kirimu kuyambira mkati kubwerera kunja. Kirimuyo amafalikira m'matope n'kuchititsa kuti timabowo tija tisamakokenso madzi. Mzere wake ukhale masentimita 15 pamwamba pa dothi la panja komanso pafupi ndi floor ya mkati, ndipo pa joini ya khoma lakale ndi latsopano mubowolenso mzere woimirira kukwera cha pa mita imodzi. Werengani zomwe wopanga walemba chifukwa miyeso imasiyanako. Ndinene mosabisa, mankhwalawa amachepetsa kwambiri koma sali ngati pepala, pa khoma la miyala yosalongosoka kapena lokhala ndi mphako zambiri amagwira mwa apo ndi apo, ndipo ngati dothi panja likadali pamwamba pa mzerewo palibe chomwe achite, sanapangidwire kutchinga madzi okankha chammbali.

Floor yopanda pepala pansi nayo ndi mutu wina. Poti khitchini mwaiphwasula kale, ino ndi nthawi yokhayo yomwe kuswa silabu n'kuthira ina sikupweteka kwambiri. Pansi miyala yotsenderedwa, pamwamba pake kamchenga kuti miyala isabaye pepala, kenako pepala lochindikala la ma micron 250 kapena 300, ndiye kuti kotala ya milimita kapena kupitirirako pang'ono, osati timapepala tokutira katundu, polumikiza lisanjikizane masentimita osachepera 15 ndi kumata tepi, m'mbali likwere kukakumana ndi DPC, ndipo pothira konkire muimepo nokha chifukwa wilibala ndi nsapato ndi zomwe zimalibowola. Ngati kuswa sikutheka pali DPM yamadzi ya epoxy yopaka pamwamba pa silabu, imagwira, kungoti madzi omwe ankatulukira pa floor ayamba kukankhira kumakoma, ndiye ikwere ndithu m'mbali mpaka pa DPC.

Pulasitala wakale achoke

Mukukumbukira za mchere zija? Ndi chifukwa chake pulasitala wakale sangatsale, olo akuoneka wolimba. Gobani mpaka njerwa zionekere, kukwera mita imodzi kapena masentimita 30 pamwamba pa banga lomaliza, chomwe chili pamwamba pa ziwirizi. Siyani njerwa pamtunda kwa milungu ingapo, mawindo otsegula, fani ikuzungulira. Muona zoyera zikutuluka ngati ubweya, muzizisesa ndi burashi youma n'kukataya panja. Musatsuke ndi madzi, ine ndinatsukapo poyamba ndikumati ndikuchita ukhondo, mcherewo unasungunuka n'kubwerera m'khoma momwemo, patatha masiku unatulukanso wonse.

Pulasitala watsopano pa njerwa zolimba akhale wa simenti imodzi ku mchenga itatu, mchenga wotsukidwa wopanda dothi komanso wopanda mchere, kuthiramo mankhwala otchinga madzi ndi mchere, kupaka kawiri osati kamodzi kochindikala. Koma ngati khoma lakalelo ndi la njerwa zofewa kapena linamangidwa ndi dothi kapena laimu, simenti yolimba chonchi imalitsamwitsa, madzi amatsekeredwa mkati njerwa n'kumafumbutuka, pamenepo pamafunika pulasitala wa laimu amene amalola khoma kupuma. Pulasitala wa gypsum asakhudze njerwa zonyowa, amamwa madzi ngati siponji n'kufewa. Njira ina kwa amene nthawi yawathera ndi kukhoma membrane ya pulasitiki ya timabampu pakhoma n'kuika bolodi kapena pulasitala pamwamba pake, mchere sufika kumaso, koma dziwani kuti kumeneko ndi kulekanitsa chabe, khoma kuseriko likufunikabe kuti munalitsekera madzi.

Tsopano gawo lomwe palibe amalikonda, kudikira. Khoma limauma pafupifupi masentimita awiri ndi theka a kuchindikala kwake pa mwezi, ndiye la masentimita 23 ndi miyezi isanu ndi inayi, nthawi zina chaka. Sindikuti mukhale opanda khitchini chaka chonse, koma penti yoyamba ikhale yamadzi yopepuka, yoti khoma lizipumira, penti ya mafuta ndi matailosi pa khoma limenelo zidikire. Floor ya matabwa kapena vinyl isagone pa silabu yomwe sinayezedwe, oyala floor amayeza chinyezi cha mpweya wotsekeredwa pamwamba pa silabuyo, ndipo amafuna chitsike kufika pa 75 peresenti kapena kuchepera.

Makabati ambiri a masiku ano ndi a chipboard kapena MDF, ndipo amenewa akangomwa madzi amatupa osabwereranso. Aimikeni pa miyendo ya pulasitiki yosinthika ija, thabwa lisagunde floor, kumbuyo kukhale mpata wa masentimita asanu kuti mpweya uziyenda, m'mphepete monse modulidwa mupakidwe silicone kapena vanishi makamaka pomwe mapaipi alowera, ndipo kathabwa ka pansi kobisa miyendo kaja kakhale kochita kukanikiza ndi ma clip, osati komata, kuti muzitha kukachotsa n'kusuzumira ndi tochi. Fani yokoka nthunzi pamwamba pa chitofu itulutse kunja kwenikweni, zija zongozungulitsa mpweya m'chipinda momwemo zimagwira mafuta ndi fungo koma nthunzi imatsala.

Zikabwereranso mutakonza, musayambirenso zonse, onani maonekedwe ake. Zoyera zouma pa pulasitala watsopano m'miyezi yoyamba ndi khoma likuuma, sesani basi. Timabanga tapatalipatali tomwe timada kukachita chinyezi n'kuzimirira kukacha ndi mchere wotsalira, mwina simunagobe kukwera mokwanira. Kamzere konyowa kotsatira skirting ndi pulasitala wagundanso floor penapake kapena joini ya pepala ndi DPC sinagwire. Madontho akuda m'makona ndi nthunzi, tsegulani mawindo.

Ife tinaphikira pa tebulo la miyendo yachitsulo ndi sinki yongoimika kwa miyezi inayi, makabati atsopano ali m'makatoni ku chipinda china, ndipo m'nyumba munali mawu ndithu, sindinama. Chomwe chinkanditonthoza ndi pensulo. Tsiku lomwe tinagoba pulasitala ndinalemba kamzere pa njerwa pomwe chinyontho chinathera n'kulembapo deti, mwezi uliwonse ndikulembanso, timizereto tikutsika pang'onopang'ono ngati makwerero, kupatula pakona ya joini ija pomwe panakakamira mpaka titapeza kuti paipi yotsitsa madzi a padenga inang'aluka pomwe yalowera m'dothi. Titaisintha kamzere ka pamenepo nako kanayamba kutsika. Tisanapake pulasitala watsopano ndinajambula khoma lonse pa foni, ndi mapaipi ndi mawaya momwe adutsira, chifukwa oika makabati akabwera ndi drill yawo safunsa.